Kubisala m'phanga si mlandu

Chaka chilichonse pa 3 Epulo, anthu a pa chilumba cha Jeju, kummwera kwa South Korea, amabaya kaduwa kofiira pachifuwa n'kupita kukalira abale awo amene anaphedwa pakati pa 1947 ndi 1954. Ndipo sipalephera kupezeka wandale wotokosa chilondacho. Mu Febuluwale 2023 anali Tae Yong-ho, mkulu amene kale anali wachiwiri kwa kazembe wa North Korea ku London, n'kuthawira ku South Korea mu 2016, pambuyo pake n'kusankhidwa kukhala phungu. Iyeyu anakaima pa chilumba chomwecho n'kunena kuti zonse zimene zinachitika ku Jeju zinayamba ndi lamulo la Kim Il-sung, mtsogoleri woyamba wa North Korea. Patangodutsa milungu ingapo, tizipani tina tinapachika nsalu m'misewu zolembedwa kuti nkhani yonseyi inali chipolowe cha achikomyunizimu. Mabanja a anthu ophedwa anapsa mtima, ndipo mkangano umene ena ankayesa kuti unatha unabukanso.

Ine ndaima apa: funso loti anayamba kuwombera ndani silingafafanize mlandu wa boma limene linapha anthu akumudzi obisala m'mapanga. Mayi wothawa mfuti n'kukalowa pansi pa nthaka ndi mwana kumsana si chigawenga, ndipo boma limene limamupha chifukwa cha malo amene lamupeza lapha munthu wosalakwa, ngakhale litakhala kuti linali pa nkhondo yeniyeni ndi anthu ena. Choncho dziko la South Korea linachita bwino kufufuza, kupepesa ndi kulipira, ndipo amene akufuna kuti nkhaniyi ikwiriridwe ndi mawu amodzi oti chikomyunizimu akulakwitsa. Komabe otsutsa ali ndi mfundo zawo, zina mwa izo n'zoona ndithu, ndipo sindizilambalala.

Tiyambe ndi anthu ake. Chilumba cha Jeju chinapangidwa ndi chiphalaphala cha moto. Pakati pake pali phiri la Halla, ndipo pansi pake pali mapanga ambirimbiri. Pa 17 Okutobala 1948, mkulu wa asilikali pachilumbapo, Song Yo-chan, analengeza kuti aliyense wopezeka mtunda wopitirira makilomita asanu kuchokera m'mphepete mwa nyanja atengedwa ngati chigawenga n'kuwomberedwa. Pa 17 Novembala boma la Pulezidenti Syngman Rhee linaika chilumbacho pansi pa ulamuliro wa asilikali. Vuto linali lakuti m'dera loletsedwalo munali midzi yambiri ya alimi a balere ndi mbatata komanso oweta mahatchi. Midzi imeneyi inatenthedwa pafupifupi yonse. Anthu pafupifupi 120 a m'mudzi wa Donggwang anathawira m'phanga lotchedwa Keunneolgwe, lomwe khomo lake ndi lothina moti munthu amalowa chokwawa. Anakhala mumdimamo masiku oposa 40 m'nyengo yozizira koopsa, achinyamata akumatuluka usiku kukasaka chakudya. Asilikali atalipeza phangalo, anthuwo anayatsa tsabola wouma ndi zofunda n'kumakupizira utsiwo kukhomo kuti adani asalowe. Zida zawo zinali zimenezo: tsabola ndi mabulangete. Pambuyo pake anathawira kuphiri, koma mapazi awo ankaoneka pa chipale chofewa, ndipo ambiri anagwidwa. Mu Januwale 1949 anakawomberedwa pa mathithi a Jeongbang, pamene madzi amagwera m'nyanja mwachindunji. Mitembo yambiri sinapezeke, moti achibale anamanga manda opanda mitembo, n'kukwiriramo zovala zokha. Mandawo alipobe ku Donggwang.

Mfundo yoyamba ya otsutsa ndi yakuti zigawenga ndi zimene zinayamba, ndipo zinali zachikomyunizimu. Izi n'zoona, ndipo munthu amene amabisa zimenezi sakuthandiza aliyense. M'bandakucha wa pa 3 Epulo 1948, anthu pafupifupi 350 otsogozedwa ndi nthambi ya ku Jeju ya chipani cha South Korean Labor Party anaukira mapolisi 12 mwa 24 a pachilumbapo. Cholinga chawo china chinali kusokoneza chisankho cha pa 10 Meyi, chimene chinkachitika kummwera kwa Korea kokha ndipo ambiri ankaona kuti chigawa dziko pakati mpaka kalekale. Anakwanitsadi: m'madera awiri mwa atatu a ku Jeju zotsatira zinathetsedwa chifukwa ovota anachepa. Zigawengazo zinapha apolisi, oyendetsa chisankho, mabanja awo ndiponso anthu wamba a m'midzi imene zinkaiona kuti ili kumbali ya boma. Mtsogoleri wawo, Kim Dal-sam, anachoka pachilumbapo mu Ogasiti 1948 n'kupita kumpoto, kusiya anthu pamoto umene anasonkhezera nawo. Sindingamuikire kumbuyo.

Koma tsono tiwerengere. Lipoti la boma la South Korea lenilenilo, limene linatuluka mu Okutobala 2003, linati anthu amene anafa ndi pakati pa 25,000 ndi 30,000, kutanthauza pafupifupi munthu mmodzi mwa khumi alionse a pachilumbapo. Pa imfa zimene wakupha wake anadziwika, zoposa zisanu ndi zitatu mwa khumi zilizonse zinali za m'manja mwa asilikali, apolisi ndi magulu owathandiza, makamaka gulu la achinyamata othawa kuchokera kumpoto lotchedwa Northwest Youth League, limene linatchuka ndi nkhanza. Mwa ophedwa amene mayina awo analembetsedwa, mmodzi mwa asanu alionse anali wamkazi, ndipo ana osakwana zaka khumi pamodzi ndi nkhalamba zopitirira zaka 60 anali oposa mmodzi mwa khumi. Ndiye ndifunse: zigawenga mazana angapo zinasanduka bwanji anthu 30,000? Mwana wa zaka zinayi anawerenga liti mabuku a chikomyunizimu? Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo ankadziwa chimene ankanena: ukaponya mwala, umaswa mkhate wako womwe. Boma la Rhee linaponya mwalawo likuona bwino lomwe kuti khosweyo wakhala pati. Za Kim Il-sung nazonso, lipoti lomwelo silinapeze umboni woti nthambi ya ku Jeju inalamulidwa ndi likulu la chipani chake. Tae Yong-ho anati zimene ananenazo anaziphunzira ku North Korea, ndipo ine zimandidabwitsa kuti munthu amene anathawa boma lija chifukwa cha mabodza ake wasunga phunziro limodzi lokhali ngati loona.

Ndiponso nkhani sinayambire pa 3 Epulo. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, pa 1 Malichi 1947, hatchi ya wapolisi inagunda mwana pa chikondwerero mumzinda wa Jeju. Khamu la anthu litatsatira wapolisiyo mokwiya, apolisi anawombera n'kupha anthu asanu ndi mmodzi. Chilumba chonse chinanyanyala ntchito, ngakhale ogwira ntchito m'boma ndi apolisi ena. M'malo mopepesa, akuluakulu anatumiza apolisi ena kuchokera kumtunda, anthu ambiri anamangidwa, ena anafera m'manja mwa apolisi akuzunzidwa. Izi sizichotsa mlandu wa zigawenga, koma zikusonyeza kuti amene akufuna kuyamba kuwerenga pa tsiku limene likumukomera sakufuna chilungamo, akufuna kupambana mkangano.

Mfundo yachiwiri ndi imene imamveka yanzeru kwambiri kwa munthu amene sanathawepo nkhondo. Amati: ngati anali osalakwa, ankabisaliranji? Boma linalamula kuti atsikire kunyanja. Amene anakana anadzisankhira okha mbali, ndipo ena mwa iwo ankadyetsa zigawenga. Poyankha ndiyambe ndi kuvomera kuti inde, ena anapatsapo zigawenga chakudya. Koma munthu wa mfuti akafika pakhomo pako usiku n'kufuna balere, umamupatsa, ndipo mawa lake akafika wa mfuti wina wovala yunifolomu, umamupatsanso. Kumeneko si kusankha mbali, n'kufuna kuona dzuwa la mawa. Kuwonjezera apo, m'midzi ina uthenga woti asamuke unafika mochedwa, kwina asilikali anafika ndi moto uthengawo usanafike. Ndipo mlimi amene ali ndi mahatchi, nkhokwe ndi agogo osatha kuyenda sangonyamuka ngati mbalame.

Chachikulu kuposa zonsezi n'chakuti amene anamvera nawonso anaphedwa. Banja likatsikira kunyanja koma n'kupezeka kuti mnyamata mmodzi palibe, linkalembedwa kuti ndi banja la wothawa, ndipo makolo kapena mkazi wake ankaphedwa m'malo mwake. Mudzi wa Bukchon sunali kuphiri, unali m'mphepete mwenimweni mwa nyanja. Pa 17 Januwale 1949, asilikali awiri ataphedwa ndi zigawenga pafupi ndi mudziwo, anzawo anasonkhanitsa anthu pa bwalo la sukulu ya pulayimale, n'kuwotcha nyumba, n'kumawatenga m'magulumagulu kukawawombera m'minda yapafupi. Tsiku limodzi lokha kunafa anthu pafupifupi 300. Mu Malichi 1949 boma linalonjeza kukhululukira aliyense wotsika kuphiri, ndipo anthu zikwizikwi anatsika atanyamula nsalu zoyera. Ambiri anatsekeredwa m'fakitale ya mowa pafupi ndi doko, ena n'kuweruzidwa ndi makhoti a asilikali. Makhoti amenewa, a mu Disembala 1948 ndi a mu Julayi 1949, anagamula anthu 2,530, ambiri osauzidwa n'komwe mlandu wawo. Anatumizidwa kundende za kumtunda, ndipo nkhondo ya Korea itabuka mu Juni 1950 ochuluka sanaonekenso. Tsono munthu amene anaona zotere n'kusankha phanga, tinganene kuti analakwa kuganiza? Ine ndikuona kuti anawerengera bwino kuposa ife amene tikumuweruza titakhala pampando. Kuthawa kwake sikunali umboni wa mlandu wake; kunali umboni wa zimene ankadziwa za omuthamangitsawo.

Mfundo yachitatu ndi yolemera, ndipo ndimailemekeza kuposa zinazo. Amati dziko linali lakhanda. Boma la South Korea linakhazikitsidwa pa 15 Ogasiti 1948, ndipo patangotha miyezi iwiri gulu la asilikali a boma la mumzinda wa Yeosu linagalukira litalamulidwa kupita ku Jeju. Kumpoto kunali gulu lankhondo limene linadzawolokadi malire mu 1950. Jeju ikanagwa, amatero, mwina South Korea ya lero, yolemera ndi ya ufulu, sikanakhalapo, ndipo si bwino kuweruza anthu a nthawi ya mantha ndi maso a nthawi ya mtendere. Mantha amenewo analidi enieni. Koma mfundoyi imagwa pamalo amodzi: anthu a nthawi yomweyo, ovala yunifolomu yomweyo, anadziwa kuti zimenezi n'zolakwa. Kim Ik-ryeol, amene ankatsogolera asilikali pachilumbapo kuchiyambi, anakumana ndi Kim Dal-sam pa 28 Epulo 1948 n'kugwirizana zosiya kumenyana. Patapita masiku atatu mudzi wa Ora unatenthedwa, mgwirizano unasokonekera, ndipo iye anachotsedwa pa udindo. Mu Ogasiti 1950, mkulu wa apolisi ku Seongsanpo, Moon Hyeong-sun, analandira kalata yomulamula kuwombera anthu amene anamangidwa pongowaganizira. Analemba pa kalatayo kuti lamulolo n'losalungama ndipo salitsatira, ndipo anthu ambiri a kumeneko anapulumuka. Mkuluyu sanali wachikomyunizimu, ndipo dziko silinagwe chifukwa cha kukana kwake. Kumadzulo kwa chilumbacho, kumene lamulo lomwelo linatsatiridwa, anthu anawomberedwa pa Seodal Oreum, ndipo achibale ataloledwa kutenga mitembo patapita zaka zisanu ndi chimodzi, mafupa anali atasakanikirana moti anthu 132 anaikidwa malo amodzi osadziwika kuti uyu ndani. Choncho amene akuti panalibe njira ina akutsutsana ndi wapolisi amene anaipeza njirayo ndi cholembera chokha.

Pano ndionjezepo ka mawu kamodzi za America, poti ambiri amakadumpha. Mpaka pa 15 Ogasiti 1948 kummwera kwa Korea kunkalamulidwa ndi asilikali a America, ndipo ngakhale pambuyo pake, m'miyezi imene midzi inkapsa, asilikali a Korea anali pansi pa ulamuliro wa America pa zankhondo, alangizi ake ali pachilumba pomwepo. Lipoti la 2003 linanena kuti nawonso sangathawe udindo. Seoul inapepesa; Washington mpaka lero sinapepese. Mabanja a ku Jeju akamapempha mawu kuchokera kumeneko sakupempha zopitirira.

Mfundo yachinayi ndi ya otopa. Amati zaka zoposa 70 zadutsa, opha ndi ophedwa onse ali m'manda, kufukula zakale kumangogawa mtundu, ndipo andale amagwiritsa ntchito misozi ya anthu pofuna mavoti. Chomalizachi sindikana, andale a mbali zonse ziwiri amaterodi. Koma kunena kuti tikhale chete kuli ngati kupereka mankhwala amene wodwala anamwa kale kwa zaka 50 osachira. Chete anayesedwa ku Jeju, ndipo anayesedwa ndi ndodo. Mu Januwale 1954 anthu a ku Bukchon anasonkhana pa bwalo la sukulu lija kuperekeza maliro a mnyamata wa m'mudzimo amene anafera ku usilikali. Ataima pamalopo anakumbukira abale awo, kulira kunabuka. Apolisi anaitanitsa akuluakulu a mudzi n'kuwalembetsa kuti sadzachitanso zotere. Tangoganizani, kulembetsa anthu kuti sadzaliranso. Wolemba nkhani Hyun Ki-young atasindikiza nthano yofotokoza za Bukchon mu 1978, anagwidwa n'kuzunzidwa, bukulo n'kuletsedwa. Ana ndi adzukulu a ophedwa ankakanizidwa ntchito za boma chifukwa dzina la bambo kapena agogo linali m'kaundula wa apolisi. Munthu wobadwa nkhondo itatha ankalipira mlandu umene ngakhale bambo akewo sanapalamule.

Ndipo chete ameneyu si wakalekale. Kumapeto kwa 1991 ofufuza analowa m'phanga la Darangshi, kummawa kwa chilumbacho, n'kupeza mafupa a anthu 11, mwa iwo amayi atatu ndi mwana wa zaka zisanu ndi zinayi. Anafa pa 18 Disembala 1948, asilikali atayatsa moto pakhomo n'kuwatsamwitsa ndi utsi. Pambali pawo panali miphika, mitsuko ndi masipuni, katundu wa anthu amene ankangofuna kuphika n'kudya. Nkhaniyi itatuluka mu Epulo 1992, South Korea inali kale dziko losankha mtsogoleri mwa mavoti, linali litachititsa kale masewera a Olimpiki. Komabe mwezi wotsatira mafupawo anatenthedwa mwachangu, phulusa n'kukamwazidwa m'nyanja, khomo la phanga n'kutsekedwa ndi konkire. Anthu amene anaphedwa ndi utsi anathera pamoto kachiwiri, kuti pasakhale manda oti wina adzaloze. Mlandu suwola, anatero akale, koma apa panali anthu amene anayesetsa ndithu kuti uwole.

Nanga kufukula kunagawadi mtundu? Zimene zinachitika zikusonyeza zosiyana. Lamulo lofufuza nkhaniyi linakhazikitsidwa mu Januwale 2000 pa ulamuliro wa Pulezidenti Kim Dae-jung. Pa 31 Okutobala 2003 Pulezidenti Roh Moo-hyun anapita ku Jeju n'kupepesa m'dzina la boma. Patapita zaka khumi, mu Ogasiti 2013, bungwe la mabanja a ophedwa ndi bungwe la apolisi opuma ntchito a pachilumbapo anagwirana chanza poyera. Sakanatha kutero nthawi imene mbali imodzi inkaletsedwa kulira, chifukwa sungakhululukire chinthu chimene mnzako akukana kuti chinachitika. Amene anaika 3 Epulo kukhala tsiku la chikumbutso cha dziko lonse mu 2014 anali Pulezidenti Park Geun-hye, mtsogoleri wa mbali yomwe ija ya ndale imene Tae Yong-ho anadzalowa. Mu Januwale 2019 khoti la ku Jeju linathetsa milandu ya nkhalamba 18 zimene zinagamulidwa ndi makhoti a asilikali aja, zitakhala zaka 70 ndi dzina la upandu. Lamulo litasinthidwa mu 2021, boma linayamba kupereka chipukuta misozi chofika mawoni (ndalama za ku South Korea) 90 miliyoni pa munthu aliyense wophedwa kapena wosowa. Ena amati ndalamazi n'zambiri. Ine ndimati wopereka ndalamazo ndi boma lomwe linawotcha nyumba, nkhokwe ndi ziweto za anthuwo, ndipo likubweza mochedwa, ambiri oyenera kulandira atapita kale.

Pali chinthu chimodzi chimene otsutsa amanena chomwe ndingagwirizane nacho popanda kuwonjezera: apolisi, asilikali ndi anthu wamba amene anaphedwa ndi zigawenga nawonso ndi akufa a ku Jeju, ndipo ana awo analira misozi yofanana. Mayina a anthu amene zigawenga zinawapha alembedwa pamodzi ndi enawo pa malo a chikumbutso amene anatsegulidwa mu 2008 ku Bonggae, ndipo n'koyenera kutero. Kusiyana kwake n'kwakuti zigawenga zinalandira chilango chawo kalekale. Mtsogoleri wawo amene analowa m'malo mwa Kim Dal-sam, Lee Deok-gu, anaphedwa mu Juni 1949, mtembo wake n'kuuonetsa pabwalo mumzinda. Dzina lawo linatembereredwa m'mabuku a sukulu kwa zaka zambiri. Koma boma ndi limene linkatolera msonkho kwa anthu a ku Donggwang, ndi limene linali ndi makhoti, ndende ndi malamulo, ndipo linalumbira kuteteza nzika zake. Wakuba akakubera ndi zowawa, koma mlonda amene umamulipira akakubera ndi nkhani ina. N'chifukwa chake sindivomereza kuti mbali ziwirizi ziikidwe pa sikelo n'kunena kuti zafanana, tiiwale.

Masiku ano Jeju ndi malo a tchuthi. Njira ya ndege yochokera ku Seoul kupita kumeneko ili m'gulu la zotanganidwa kwambiri padziko lonse, ndipo alendo amakajambulitsa pa mathithi a Jeongbang omwe aja. Pakati pa 2007 ndi 2009 ofufuza anakumba m'mbali mwa msewu wa ndege pa bwalo la ndege la Jeju n'kufukula mafupa a anthu oposa 380, ena mwa iwo ogamulidwa ndi makhoti a asilikali mu 1949, ena omangidwa pongowaganizira mu 1950. Achibale amapereka magazi kuti ayezedwe, ndipo chaka ndi chaka mayina angapo amabwerera kwa eni ake. Opereka magaziwo tsopano ndi nkhalamba za zaka zoposa 70, zimene zinali makanda pamene bambo awo ankakwezedwa m'galimoto, ndipo mabokosi ambiri akadali ndi nambala m'malo mwa dzina.